Abla Ensaf wa Kuchipinda cha Mapulani

Tsiku limene ndinayamba ntchito ku ofesi yoyang'anira nyumba za yunivesite yathu, bwana wanga, Injiniya Ramzi, sanataye nane nthawi. Anangondilozera masitepe otsikira pansi n'kunena kuti, "Pitani mukaonane ndi Abla Ensaf. Akakukondani, ntchito yanu iyenda. Akakudani, pemphani akusamutseni."

Abla ndi mawu aulemu oitanira mayi wamkulu, ngati kunena kuti achemwali. Ndinatsika. Chipinda cha mapulani chinali kunsi kwa nyumba ya maofesi, chachitali ngati holo, chonunkha fumbi ndi mapepala akale. Makabati achitsulo a madilowa otakata anandandalika khoma lonse. Timawindo take tinali m'mwamba, tolingana ndi msewu wa panja, moti umangoona miyendo ya ophunzira ikudutsa. Pakona, pafupi ndi ketulo ya magetsi, panali mayi wamfupi wa magalasi ochindikala, mpango wotuwa kumutu, akupinda chipepala chachikulu ngati nsalu ya pabedi.

"Ndiwe mwana wa makompyuta uja?" anatero osandiyang'ana.

"Ndine Shahira, Abla."

"Shuga masupuni angati?"

"Sindithira shuga."

Apo ndiye anadzutsa mutu. "Ukudwala?"

"Ayi."

"Ndiye uzithira. Kuno tiyi wopanda shuga timapatsa makontirakitala."

Mbiri yawo ndinaimva pang'onopang'ono, china kwa eni ake, china kwa amisiri. Abla Ensaf analowa m'chipindamo ali mtsikana, atangotenga dipuloma ya zojambula mapulani. Bambo awo, amene ankagwira ntchito kunjanji, anali atangomwalira, ndipo pakhomo panatsala mayi ndi alongo awo awiri aang'ono. Masiku amenewo chipindacho sichinali mosungira mapepala ayi. Munali matebulo ojambulirapo mizere iwiri, anthu ali thothotho, wina akusongola pensulo, wina akutukwana inki yotayika, wailesi ikuulutsa mpira. Ustaz Adly, mkulu wawo, ankayendayenda ndi lula m'manja n'kumagogoda tebulo la aliyense amene mzere wake wakhota. Yunivesite inkakula, ndipo nyumba iliyonse yatsopano inkayamba kuonekera patebulo la mmodzi wa iwo.

Alongo awo anaphunzira ndi thukuta la m'chipinda chimenecho. Wina anapita ku Kuwait, wina anakakhazikika ku Alexandria, onse anakwatira. Mayi awo anafa ziwalo mbali imodzi, ndipo Abla Ensaf anakhala wowasambitsa, wowatembenuza, wowadyetsa, chaka ndi chaka. Ofunsira ankabwera ndithu, koma mayiwo, ngakhale pakamwa panali patapotoka, chilema cha munthu sankachiphonya: uyu ndi wamfupi, uyu kwawo n'kutali, uyu amaseka mokweza. Pofika nthawi imene anatopa n'kupeza zilema, ofunsira anali atasiya kubwera.

Kenako yunivesite inayamba kupereka ntchito yojambula kwa makampani akunja. Matebulo anatuluka limodzilimodzi. Anthu ena anapuma, ena anasamutsidwa, ena anamwalira. Abla Ensaf anatsala ndi makabati ndi makiyi. Mayi awo anamwalira kutatsala chaka kuti ine ndibwere, ndipo kunyumba nako anatsala okha, m'kanyumba ka pansanjika yachinayi kuseri kwa siteshoni ya sitima.

Komabe m'mawa uliwonse chipindacho chinkadzuka. Aliyense wofuna kuboola khoma, kukumba pansi kapena kulondola waya wopsa ankayenera kutsika kudzaona pulani, ndipo Abla sankatulutsa pepala munthu asanamwe tiyi. Amagetsi, openta, akalipentala, onse ankakhala pabenchi ya pakhomo ndi matambula m'manja, n'kumatula nkhani za kumtunda: mkulu wa nthambi ya Zamalamulo wakangana ndi wachiwiri wake, mwana wa mlonda wakhoza mayeso, nyama yakwera mtengo. Abla ankamvetsera akutsegula madilowa, n'kumathiramo mawu ngati mchere.

Amene ankabwera kawirikawiri kuposa onse anali Usta Sobhi, pulambala wamkulu wa yunivesite, bambo wamtali wa ndevu za pamlomo zoyera ndi mawondo odwala. Ankatsika masitepe akubuula, n'kuyamba kufuula asanafike pakhomo.

"Abla! Mwadzuka bwanji kumanda kuno?"

"Tadzuka, Usta. Anzanu akufunsa kuti mubwera liti."

"Auzeni ndikadali ndi mapaipi oti ndikonze."

"Kukonza kapena kuwononga? Dzulo mwakonza ku Zamalamulo, lero aphunzitsi akuyenda atapinda mathalauza."

"Amenewo ndi madzi a misozi ya ophunzira, si anga."

Tsiku lina Abla atapita kukatunga madzi a m'ketulo, Usta Sobhi anandiuza okha, akuseka. "Mukuwaona mayi awa, a Injiniya? Ndinawafunsirapo ndili mnyamata. Ndinavala suti yobwereka, ndinanyamula bokosi la maswiti. Mayi awo anandiyang'ana manja okha, nkhope ayi. Akuti mwana wawo wa dipuloma sangakwatiwe ndi wotsegula zimbudzi." Anapukuta ndevu ndi chala. "Mulungu anandipulumutsa. Ndikanafa ndi matenda a shuga." Anakakwatira kumudzi kwawo, ndipo anali ndi ana akuluakulu.

Ntchito yanga inali yoti mapulani onsewo alowe m'kompyuta, pamodzi ndi mapepala ena a nyumba iliyonse, a zikepe, a majenereta, a matanki a madzi, kuti mmisiri azitha kuwaona pafoni ali pomwe pawonongekapo. Anatibweretsera makina ojambulira mapepala, aatali ngati bedi. Ndinkaopa kuti Abla adana nawo, koma pasanathe sabata anali atawazolowera, mpaka anawasokera chinsalu chowafunditsa poweruka. Anabweretsa simbi yakunyumba yositira mapepala okwinyika. Ong'ambika ankawamata kumbuyo ndi timizere ta pepala lopyapyala, lilime lili pakona pa mlomo ngati mwana wa sukulu.

Pepala lililonse linali ndi mwini wake. "Ili ndi la Ustaz Adly, taona manambala ake, ngati asilikali paperete. Ili ndi la Nargis, ankajambula ali ndi pakati, tebulo likumukankha pamimba. Kadontho aka usakayese chitseko, ndi khofi wa Wagdy." Pakakhala posaoneka bwino ankaimbira foni amene anali akadali moyo, ndipo kafunso kakang'ono kankasanduka macheza a m'mawa wonse. Ena sankakumbukira kanthu. Foni ya Wagdy anayankha ndi mkazi wake, n'kunena kuti maliro anachitika m'nyengo yozizira yapitayo. Tsiku limenelo Abla anafunditsa makina nthawi yoweruka isanakwane.

Kunyumba kwawo ndinapitako kamodzi, Lachisanu lina atadwala chimfine. Munali mwaukhondo moti unkachita manyazi kukhala pansi. Bedi la mayi awo linali likadali pabalaza, pamene analisunthira kuti wodwala aziona anthu, loyala bwino. Wailesi ya kanema inali yoyatsa, mawu ali pansipansi, ndipo anati saizimitsa. Ngakhale odwala anali iwowo, anandiphikira therere la denje ndi mpunga, mumphika waukulu wa banja lonse. "Dzanja langa silinaphunzire kuphikira munthu mmodzi. Ndimaphika Lachisanu, ndimadya mpaka Lachiwiri, zotsala ndimapatsa mlonda wa pakhomo." Pakhoma panali chithunzi cha ojambula onse aja atafola pamasitepe a ofesi, iwo ali kumapeto, tsitsi lili pamtunda, akuseka ndi mano onse.

Ntchitoyo inatenga zaka ziwiri ndi kanthu. Poyamba ndinkatsika tsiku lililonse. Kenako mbali yanga inasamukira kumtunda: kupatsa mafayilo mayina, kuphunzitsa amisiri, kumata tizizindikiro pakhomo la nyumba iliyonse, toti ukalozetsapo foni pulani itseguke. Patsiku lotsegulira ntchitoyi, muholo yaikulu, Injiniya Ramzi anatchula dzina la Abla Ensaf pamaso pa akuluakulu onse. Anthu anaomba m'manja, iwo n'kuimirira, mpango watsopano wabuluu kumutu, nkhope ili gwa ngati akuwajambula chithunzi cha pasipoti. Potuluka anandigwira dzanja n'kundinong'oneza kuti, "Akanakhalapo mayi, akanati ndinaimirira mokhota."

Palibe amene anakonza zowasiya okha Abla. Zinangochitika. Wamagetsi amene ankatsika pafupipafupi tsopano ankaima patsogolo pa bokosi la mawaya n'kutambasula pulani ndi zala ziwiri. Openta ankapereka moni pakawindo, atawerama, ali pachangu. Masitepe aja ndi ambiri, ndipo munthu satsikira tiyi yekha ntchito ikumudikira. Benchi inayamba kugwira fumbi. Mabisiketi amene Abla ankabwera nawo Lamlungu, tsiku loyamba ntchito, ankafika Lachinayi atafewa m'chitini. Anayamba kudziwa anthu ndi nsapato zawo. "Uyo wadutsayo ndi kalipentala, wagula zatsopano. Sanandiuze n'komwe kuti zakale zija zinatha."

Anayambanso kundiimbira foni pa tizinthu tating'ono. Kompyuta yakana kuyaka. Makina akulira mwachilendo. Ndikatsika ndinkapeza chingwe chazuka kukhoma, tambula yanga ili kale patebulo, tiyi akufuka nthunzi. Ndinkakhala pang'ono, koma kumtunda ankandifuna, ndiponso ana anga ankaweruka kusukulu nthawi imene panalibe wina wokawatenga.

M'kompyuta munkasowa chinthu chimodzi: mapulani a mapaipi a nyumba yakale ya Zaulimi. Imeneyo ndiyo inayamba kumangidwa payunivesite, ndipo mapaipi ake anali okalamba kuposa aphunzitsi ake. Sabata sinkatha osaphulika penapake. Ndikafunsa, Abla ankati mapepalawo ndi ofumbwa, akangolowa m'makina atuluka ali ufa, akufunika kumata kaye modekha. Zinali zomveka, poti mapepala ena a nyumba imeneyo ndinawaona mmene analili. Ndiye Usta Sobhi okha ndi amene anapitiriza kutsika masitepe akubuula.

"Dziko lonse lili pafoni, Zaulimi zokha zili kumanda!"

"Khalani pansi, mawondo angakuthaweni."

"Mumata liti mapepalawa, Abla?"

"Mukadzasiya kuwononga, ndidzapeza nthawi."

Ankamwa tiyi, ankayang'ana pepala pang'ono, n'kukwera. Zinakhala choncho pafupifupi chaka.

Inafika Idi yaikulu, chikondwerero cha Asilamu chophera nyama, yunivesite inatseka. Usta Sobhi anapita kumudzi kwawo kum'mwera, kumene ankakwatitsa mwana wawo wamkazi womaliza. M'mawa wa tsiku lachiwiri, ndikudula nyama ndi apongozi anga, foni inalira. Anali mlonda wa geti la kumbuyo. Madzi ankatuluka pakhomo la Zaulimi n'kumatsika masitepe ngati mtsinje.

Nditafika ndinapeza amisiri awiri a kampani yakunja, amene ankagwirizira patchuthi, akuzungulira nyumbayo foni zili m'manja. Paipi yaikulu inali itang'ambika pansi pa simenti. Pulani ya zipinda inkatseguka bwinobwino, ya magetsi nayo, koma ya madzi kunalibe, ndipo palibe ankadziwa pamene panali chotsekera madzi a nyumba yonse. Ndinaimbira Abla Ensaf, foni inangolira. Ya Usta Sobhi sinkapezeka. Tinathyola loko wa chipinda cha mapulani, koma madilowa anali okhoma, ndipo makiyi ake ankayenda m'chikwama cha Abla. Tinatuma mlonda kunyumba kwawo, anagogoda mpaka aneba anatuluka. Mapeto ake tinaitana a kampani ya madzi ya mzinda kuti atseke mbali yonseyo ya yunivesite, ndipo tsiku la Idi anthu amenewo sabwera akuthamanga.

Pamene madzi ankaleka, dzuwa linali litapendeka, ndipo m'chipinda chosungiramo mbewu, kunsi kwa nyumbayo, ankalekeza m'mawondo.

Abla anafika zonse zitatha, atavala zakuda, nsapato zili mbuu ndi fumbi. Anali kumanda a mayi awo kuyambira m'mawa, ndipo aneba ndi amene anawauza atabwerako. Foni anaisiya pakabati. "Amandiimbira ndani pa Idi?" anatero, osati modandaula, koma ngati akunena za nyengo. Tinatsika limodzi kuchipinda chawo. Anatsegula dilowa yapansi n'kutulutsa mapulani a mapaipi a Zaulimi. Anali osita, omata bwino kumbuyo, m'mphepete mowongoka, atagonekedwa pakati pa mapepala oyera ngati zovala za mkwatibwi. Timizere tomatira tinali titauma kalekale. Ndinayang'ana, nawonso anaona kuti ndaona.

Chotsekera chija chinali kuseri kwa nyumbayo, pansi pa chivindikiro cha simenti chimene osamalira pabwalo anachikwirira ndi dothi n'kubzalapo maluwa. Ndi pepala m'manja, munthu akanachipeza nthawi yomweyo.

M'chipinda cha mbewu munali ntchito ya anthu ambiri, koma amene tsoka linamugwera kwambiri anali Yomna, amene ankachita digiri yake yomaliza pa tirigu wopirira mchere wa m'nthaka. Mbewu zake, zimene anakhala akukwatitsa ndi kusankha nyengo ndi nyengo, zinali m'timaenvulopu tapepala m'mashelefu apansi, chifukwa apamwamba anali a mapulofesa. Timaenvulopu tinasungunuka, inki inasukuluka, mbewu zinasakanikirana m'matope. Ndinamupeza atakhala pamasitepe ndi diresi lake la Idi, lonyowa mpaka m'chiuno, akutola njere imodziimodzi m'beseni n'kumayala panyuzipepala. Sankalira. Patapita masiku ochepa, ndi kutentha kuja, zimene anatolazo zinamera zonse pamodzi, zobiriwira bwino, zopanda dzina.

Tchuthi chitatha ndinatsika m'mawa. Ketulo inali yozizira.

"Mapulani aja anali okonzeka kalekale, mwana wanga," anatero Abla ndisanafunse.

"Ndinaona, Abla. Koma chifukwa chiyani?"

Anavula magalasi n'kuwapukuta ndi nsonga ya mpango. "Iwe kwanu kuli phokoso. Ana, mwamuna, apongozi. Umadzitsekera kubafa kuti upume. Unayamba wakhalapo kuyambira m'mawa mpaka kuweruka osatsegula pakamwa? Ine ndikafika kunyumba ndimatsokomola dala, kuti ndimve ngati mawu akadalimo. Ndinkati sabata yamawa ndiwalowetsa. Ikafika, ndinkati inayo."

Anavalanso magalasi aja.

"Ramzi ndikamuuza ndekha," anatero. "Usanditchinjirize."

Injiniya Ramzi anamvetsera atayang'ana patebulo, makutu atafiira. Munthuyu anawapeza Abla ali kale pantchito, ndipo tiyi wawo anamwa ali injiniya wamng'ono wosadziwa kumene kuli chimbudzi. Anati nkhaniyo ilembedwa, chenjezo lilowa m'fayilo yawo, ndipo poti kwatsala miyezi yochepa kuti apume, zithera pamenepo. "Ingomalizani, Abla," anatero, osadzutsa mutu. Mapepala a Zaulimi analowa m'makina m'mawa umodzi wokha.

Kenako anandipempha kuti ndiwaperekeze kwa Yomna. Tinamupeza m'nyumba ya magalasi yofesera mbewu, akudzaza dothi m'timiphika. Ankayambiranso ndi mbewu zochepa zakale zimene mphunzitsi wake anazipeza kumunda wa kafukufuku kunja kwa mzinda. Abla anafotokoza zonse ali chiimire, osachepetsa kalikonse. Yomna sanasiye ntchito yake.

"Ndiye mukufuna ndinene chiyani, mayi?"

"Palibe, mwana wanga. Ndimangofuna udziwe kuti sanali madzi okha."

"Ndimayenera kumaliza chaka chino. Bambo anga anauza kale akuchimuna kuti ukwati ndi ndikamaliza. Tsopano ndikawauze kuti adikirenso chifukwa mayi wina ankasowa womwa naye tiyi?"



"Mukanaweta mphaka," anatero Yomna, n'kutembenukira ku timiphika take.

Abla anati akhoza kumabwera akaweruka kudzamulembera timapepala ta mayina, poti dzanja lawo ndi labwino ndipo ali ndi inki yosasukuluka. Yomna anati ayi, zikomo. Tinanyamuka kubwerera. Titayandikira ofesi ndi pamene Abla anati, "Sanalakwe. Koma mphaka ndinamuyesapo. Anathawira kwa aneba, kumene kuli ana."

Payunivesite nkhani sigona. Pasanathe sabata amisiri onse anali ataimva, ndipo anaikometsera mwa njira yawo: akuti Abla anamiza Zaulimi chifukwa cha chikondi cha Usta Sobhi. Usta Sobhi akalowa kumene amisiri amasonkhana m'mawa, ankawalandira ndi nthungululu yabodza. "Mkwati wafika!" Wina anati chaka chino akwatitsa mwana, chaka chamawa tidya wawo. Nkhaniyo inayenda mpaka inakafika kwa akazi awo.

Usta Sobhi anatsika kamodzi kokha, ine ndili pomwepo. Sanafuule pamasitepe. Anaima pakhomo.

"Mtendere ukhale nanu, Abla."

"Nanunso, Usta. Ukwati unayenda bwino?"

"Unayenda, tithokoze Mulungu." Anayang'ana benchi, osakhalapo. "Mapaipi a Zaulimi ndimawadziwa ngati mitsempha ya dzanja langa. Pepala lija sindinkalifuna. Ndimayesa mumadziwa."

"Ndimadziwa."

"Nanga bwanji simunangowalowetsa? Ndikanabwerabe."

"Mukanabwera sabata yoyamba. Mwina ndi yachiwiri."

Usta Sobhi anapukuta ndevu ndi chala. Kenako anati, "Anthu akulankhula, Abla. Ine ndili ndi mkamwini watsopano, inu muli ndi dzina lanu."

"Pitani, Usta. Mawondo anu apume."

Anakwera pang'onopang'ono. Tinamva phazi lililonse mpaka kumtunda.

Miyezi yotsalayo Abla ankabwera panthawi yake, n'kukhala. Zojambula zinali zitatha. Mapulani atsopano ankafika kwa ine kuchokera kumakampani osakhudza pepala n'komwe. Ankapukuta makabati, ankalembanso timapepala ta pamadilowa timene tinali tisanafufutike. Ndikapeza mpata masana ndinkatsika ndi sangweji zanga za nyemba. Ankandifunsa za ana, za apongozi, n'kumandilangiza ngati munthu amene anakhalapo pabanja moyo wake wonse, ndipo malangizowo nthawi zambiri anali abwino.

Tsiku lopuma, anthu anatsika onse nthawi imodzi, ndi keke ndi mabotolo a zakumwa. Chipinda chinadzaza mpaka ena anaima pamasitepe. Aliyense ananena kuti sadzapezekanso wina ngati Abla, ndipo wamagetsi uja analira misozi yeniyeni. Anawapatsa bulangeti lalikulu ndi chikho chagalasi cholembapo dzina lawo, atalakwitsa chilembo chimodzi. Usta Sobhi anaima kumbuyo kwenikweni, anadya keke yawo n'kuchoka zolankhula zisanathe. Posakhalitsa m'chipindamo munatsala mbale zapepala zokha. Abla anasesa okha, anakana kuti ndiwathandize, kenako anandipatsa makiyi.

Ndinadzawaonanso m'nyengo yozizira, pageti lalikulu. Ndinkatuluka kukagula mankhwala a mwana pamene ndinamva mlonda watsopano akuuza mwaulemu mayi wina wachikulire kuti, "Hajja, wopanda khadi salowa. Muli ndi mwana amene amaphunzira muno?"

"Ayi, ndilibe," anayankha Abla. Anali atanyamula thumba la malalanje.

Ndinati ndiwalowetse padzina langa, anakana. "Ndimangodutsa, ndikupita kwa dokotala wa maso." Tinakakhala pakashopu ka madzi a nzimbe tsidya la msewu. Anali ataonda pang'ono. Anandiuza kuti mlongo wawo wa ku Alexandria anawaitana kuti azikakhala naye, ndipo anapitadi.

"Anthu abwino. Anandipatsa chipinda cha makina ochapira, chili ndi windo loona nyanja ukapendeketsa khosi. Koma madzulo aliyense amawerama pafoni yake, mpaka kamdzukulu kosadziwa kupukuta mamina. Ndinati bola kwanga, khoma lake ndimalidziwa."

Anafunsa za Yomna. Ndinati akupitiriza, tirigu wake wakula, ukwati anausuntha koma sunathe. Anagwedeza mutu kwa nthawi yaitali. Za chipinda chija sanafunse, inenso sindinanene kuti makabati anawatumiza kosungira katundu kunja kwa mzinda. Malalanje anandipatsa kuti ndikagawire a ku ofesi.

Ndinawaperekeza pokwerera minibasi. Inabwera yopita kuchipatala cha maso, anaisiya idutse. Inabwera yolunjika kusiteshoni, kwawo, anaisiyanso. Anakwera yachitatu, yodzera kumsika wa nsomba ndi kumafakitale, imene imazungulira theka la mzinda isanafike kusiteshoni.

"Abla, imeneyo ndi ya njira yaitali!"

"Ndikudziwa," anatero akudzipanikiza pakati pa mayi wa dengu la nkhunda ndi bambo wina amene anali atayamba kale kukalipira dalaivala. "Muno anthu amakangana."

Chitseko chinatsekedwa, minibasi inanyamuka. Ine ndinaoloka msewu kukafuna mankhwala aja.